Chithunzi chikazima, yambani mwawerenga nambala

Masiku ano mwambo waukulu ku Chigwa cha Shire umakhala ndi anthu a magulu awiri. Alipo okhala pa mipando ndi pa mphasa, ndiye alipo ena oonera pa foni ali ku Johannesburg, ku Tete kapena ku Lilongwe. Kaya ndi ukwati ku Nchalo, chitsitsimutso ku Ngabu, maliro ku Bangula kapena mwambo wa m'dera la Mfumu Yaikulu Lundu, pakona pa tenti sipalephera kukhala mnyamata wowerama pa laputopu. Chingwe china chimachokera ku kamera n'kulowa m'kachipangizo kotchedwa capture card, china chimachokera ku mikisa ya zokuzira mawu. Ntchito yake ndi yoti zochitika pabwalo zifike pa Facebook kapena pa YouTube nthawi yomweyo. Abale akutali atumiza kale ndalama ya bandulo, ndipo akudikira.

Kenaka chithunzi chimazima. Abusa amatuma mkulu wa mpingo kukafunsa. "Achimwene, chavuta n'chiyani?" Yankho limakhala lomwe lija: "Ndi netiweki, bambo." Mawa lake laputopu imapita kwa okonza, iwo n'kugamula kuti yalowa vairasi, ifomatidwe. Chonsecho pa nthawi imene chithunzi chimazima, makinawo analemba nambala pa sikirini: Code 43, kapena 0xA00F4243, kapena error -71. Palibe anaikopera. Anangodina OK mwachangu kuti uthengawo uchoke pamaso pa anthu. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa nambala imeneyo ndiyo umboni wokhawo wa pamene padadukira ntchito, ndipo kuitaya kumadyetsa anthu ndalama zambiri zimene sakanaononga.

Kamera ndi kompyuta sizilankhulana mwachindunji. Pakati pawo pali kapulogalamu kotchedwa driver, kamene kamatenga zofuna za Windows kapena Linux n'kuzipereka ku chipangizo m'njira imene chipangizocho chimamva, n'kubweza yankho. Kali ngati womasulira pa msonkhano wa mlaliki wochokera ku Mozambique. Womasulira akatembenukira kwa anthu n'kunena kuti "sindikumva," mwina iyeyo sadziwa bwino Chipwitikizi, koma mwinanso maikolofoni yazima, kapena mlaliki wasasa mawu, kapena jenereta ikusokosa pafupi. Dandaulo limatuluka pakamwa pa womasulira, koma wolakwa si iye nthawi zonse. Apa ndi pamene ambiri amasokera. Poti nambala yatuluka ku driver, amaganiza kuti driver ndiyo yaonongeka, n'kuthera bandulo kutsitsa ina. Kuno kwathu, kumene kutentha, fumbi ndi magetsi osakhazikika zili za tsiku ndi tsiku, ndimaona kuti kawirikawiri driver imangonena za vuto limene lili kwina.

Pa Windows manambala oyamba ndi mawu oti Code amapezeka mu Device Manager. Chipangizo chovuta chimakhala ndi kachizindikiro kachikasu ka makona atatu. Mukachidina kawiri, pamatuluka bokosi lolembedwa Device status, ndipo nambala ili momwemo.

Ena mwa manambalawa savuta. Code 22 ikutanthauza kuti wina anachizimitsa dala chipangizocho mu Device Manager, ndipo chimangofunika kuchiyatsanso. Code 45 ikunena kuti chipangizo chinalumikizidwapo kale koma pano palibe. Code 28 ndiyo imanena zoona zenizeni kuti driver palibe. Imakonda kutuluka laputopu ikangofomatidwa kumene, makamaka ngati aikamo Windows 7, imene sinkabwera ndi madriver a mapoti a USB 3.0. Koma dziwani kuti makamera ambiri a USB ndi ma capture card otsika mtengo amatsata muyeso umodzi wotchedwa UVC, ndipo driver yake ili kale mu Windows, mu Linux ndi mu macOS. Wina akakuuzani kuti kachipangizo kotere kakufunika driver yogula, mufunseni bwino. Code 52 imatuluka Windows ikakana driver imene ilibe siginecha yotsimikizika ya wopanga. Imabwera kawirikawiri ndi madriver a pa fulashi yoyenda m'manja mwa anthu ambiri. Pamenepa Windows ikukutetezani, ndipo si nzeru kuzimitsa chitetezocho kuti driver yosadziwika kwawo ilowe.

Ovuta ndi Code 10 ndi Code 43, ndipo ndi amene amatuluka kwambiri. Code 10 imangoti chipangizo chalephera kuyamba. Code 43 imati Windows yachiimitsa chifukwa chanena kuti chili ndi vuto. Onse awiri sakuuzani chifukwa chake. Koma Code 43 ikabwera pamodzi ndi mawu oti Device Descriptor Request Failed, nkhani imayamba kumveka. Mukangolowetsa chipangizo pa poti ya USB, kompyuta imachifunsa dzina lake, wochipanga ndi mphamvu imene chikufuna. Mawu ajawa akutanthauza kuti funso loyambali silinayankhidwe. Ndiye taganizani: kompyuta isanadziwe n'komwe kuti chalowacho n'chiyani, ingasankhe bwanji driver? Kutsitsa driver yatsopano pamenepa n'kutaya nthawi. Vuto lili ku chingwe, ku poti, ku mphamvu ya magetsi, apo ayi chipangizocho chapsa. Pa Linux vuto lomweli limalembedwa kuti device descriptor read error -71 kapena -110. Nambala 71 ikunena kuti uthenga wafika wosokonezeka, pamene 110 ikunena kuti kompyuta yadikira yankho mpaka nthawi yatha.

Tiyambe ndi mphamvu. Poti ya USB imapereka mavolti 5. Ya USB 2.0 inapangidwa kuti izipereka mpaka 500 mA, ya USB 3.0 mpaka 900 mA. Ndi mphamvu yochepa. Tsono onani zimene zimachitika pa tebulo la mnyamata uja: laputopu ili ndi mapoti awiri okha, ndiye wagula kahabu ka mabowo anayi kopanda chaja chakechake. Pamenepo walowetsa capture card, kachipangizo ka mawu, modemu, ndiponso foni ya mkwatibwi imene yatha moto. Zonsezi zikuyamwa pa poti imodzi. Zimayamba bwino, koma modemu ikangokoka mphamvu yambiri pofunafuna netiweki, capture card imazima n'kuyakanso, ndipo pulogalamu youlutsira imaitaya. Mankhwala ake ndi habu yokhala ndi chaja chake, kapena kulowetsa capture card payokha pa laputopu. Palinso khalidwe la Windows lozimitsa mapoti a USB pofuna kusunga batire, lotchedwa USB selective suspend. Pa tsiku la mwambo lizimitseni mu Power Options. Za chingwe, USB 2.0 inapangidwira utali wosapitirira mamita 5, ndipo USB 3.0 imayamba kuvuta pa utali wocheperapo. Kulumikiza zingwe zitatu kuti kamera ifike kuguwa ndi kuitana error -71. Ngati kamera ili patali, talikitsani chingwe cha HDMI chochokera ku kamera kupita ku capture card, cha USB chikhale chachifupi.

Magetsi a pakhoma nawo ali ndi mbali yawo. Anthu a ku Chikwawa sanaiwale Januwale wa 2022, pamene namondwe Ana anaononga damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 pa magetsi a dziko lonse. Panatha chaka ndi miyezi makina opangira magetsi a kumeneko asanayambenso kugwira ntchito. Nthawi imeneyo ambiri anazolowera jenereta, sola ndi inveta, ndipo mpaka lero ndi zimene zimayendetsa miyambo yambiri ya kumudzi. Magetsi akathima n'kusinthira ku jenereta, laputopu siizima chifukwa ili ndi batire, koma kamera, mikisa ndi habu zimazima kwa kanthawi. Zikayakanso, kompyuta imaziona ngati zachoka n'kubweranso, ndipo pulogalamu imakhala ikugwirabe chipangizo chimene kulibenso. Pamafunika kuchichotsa mu pulogalamuyo n'kuchisankhanso, basi. Inveta zotsika mtengo zimatulutsanso magetsi osasalala, amene amalowetsa kulira kwa "mmmm" m'mawu, ndipo nthawi zina amasokoneza uthenga wa pa USB. Kuyesa kwake n'kosavuta: zulani chaja, laputopu iyende pa batire. Vuto likatha, mwadziwa kochokera.

Kutentha ndiye nkhani yathu yeniyeni. Mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapitirira madigiri 40, pamene opanga malaputopu ambiri amalemba kuti makina awo azigwira ntchito pa malo osapitirira madigiri 35. Pansi pa tenti kapena m'tchalitchi cha malata masana, malirewo tawadutsa kale tisanayatse n'komwe. Chizindikiro cha vuto la kutentha n'chodziwika: zonse zimayenda bwino poyamba, patapita theka la ola chithunzi n'kuuma, Code 43 n'kutuluka, mukazimitsa kwa kanthawi, zimayambanso. Driver yoonongeka sichita choncho. Imakana kuyambira pachiyambi. Gwirani capture card ndi chala. Ngati ikuotcha, ichotseni pansi pa nsalu ya patebulo, ikhale pamthunzi pomwe pakupita mphepo. Laputopu isakhale pa chitenje kapena pa khushoni, ikwezeni kumbuyo ndi kathabwa. Fumbi la chilimwe ndi phulusa la nzimbe zootchedwa, limene anthu a ku Nchalo amalidziwa bwino nyengo yodula, zimatseka timabowo ta fani ndi kudzaza m'mapoti. Laputopu imene sinatsegulidwepo kuti aipukute mkati imakhala ndi fumbi loumbika pakamwa pa fani, ndipo kulichotsa kumathetsa mavuto amene kufomata sikungathetse.

Pali nambala ina imene imasokeretsa ngakhale odziwa. Pa Linux, mukayatsa makamera awiri nthawi imodzi, yachiwiri imatha kukana ndi error 28, mawu ake oti No space left on device. Munthu amathamangira kufufuta mafayilo poganiza kuti disiki yadzaza. Ayi. Chadzaza ndi njira ya USB. Tiwerengere limodzi. Chithunzi cha 1080p chili ndi timadontho 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi. Chikamatumizidwa chosapanikizidwa, kadontho kalikonse kamadya mabaiti awiri, ndipo pa sekondi pamapita zithunzi 30. Zonse pamodzi ndi mamegabiti pafupifupi 1,000 pa sekondi. USB 2.0 malire ake ndi mamegabiti 480, ndipo kanema sapatsidwa onsewo. N'chifukwa chake ma capture card otsika mtengo amapanikiza chithunzi mwa njira ya MJPEG chisanalowe m'kompyuta. Mukasankha YUY2, njira ya chithunzi chosapanikizidwa, m'malo mwa MJPEG pa kachipangizo kotere, chithunzi chimayenda modukiza kapena chimakana. Pa Windows vuto lomweli nthawi zambiri silitulutsa nambala, kamera yachiwiri imangokhala yakuda. Chenjeraninso ndi zogulitsidwa: tilipo tizipangizo tambiri tokhala ndi pulagi ya buluu ndi mawu oti USB 3.0 pa paketi, koma mkati mwake ndi USB 2.0. Mtundu wa pulasitiki si umboni.

Mwaona kuti 28 wa Windows ndi 28 wa Linux akunena zosiyana kotheratu. Chimodzimodzi 16: pa Linux akutanthauza kuti chipangizo chagwidwa kale ndi pulogalamu ina, pamene E16 wa pa dikoda akunena za malipiro. Choncho pofunsa thandizo, musangoti "ikulemba 28." Nenani makina ake, pulogalamu yake, ndi mawu onse amene ali pambali pa nambalayo.

Vuto la chipangizo chogwidwa kale limachitika kwambiri ndipo silidya ndalama. Pa Windows limatuluka ngati 0xA00F4243. Kamera imodzi nthawi zambiri imatumikira pulogalamu imodzi, ndiye ngati Zoom kapena WhatsApp ya pa kompyuta inatsala yotsegula kumbuyo, pulogalamu youlutsira ya OBS Studio siipeza kamerayo. Mnzake 0xA00F4244 amati kamera sikuoneka n'komwe. Musanaganize kuti yafa, yang'anani ngati laputopu ili ndi batani kapena kaswitchi kozimitsira kamera, chifukwa ana amadina zinthu. Ndipo 0x80070005 ndi kukanizidwa chilolezo: pitani ku Privacy mu Settings, mulole mapulogalamu kugwiritsa ntchito kamera ndi maikolofoni.

Nthawi zina sipatuluka nambala iliyonse, sikirini imangoda bii, chonsecho Device Manager ikuti zonse zili bwino. Ngati chithunzi chikuchokera ku kamera, mwina ikutumiza muyeso umene capture card siulandira, monga 4K, ndipo kutsitsa ku 1080p kapena 720p kumathetsa nkhani. Koma ngati chikuchokera ku dikoda, mdimawo ndi wadala. Chingwe cha HDMI chimanyamula loko wotchedwa HDCP, woletsa kujambula zimene eni ake sanalole. Si vuto loti likonzedwe. Kuulutsanso mpira wa pa dikoda pa Facebook n'kuphwanya malamulo a umwini wa ntchito za luso, amene kuno ali m'lamulo la 2016.

Kodi ilipo nthawi imene driver imakhaladi yolakwa? Ilipo. Code 31 ndi Code 39 amanena kuti Windows yalephera kuitsegula, mwina yaonongeka kapena sikugwirizana ndi Windows imene ilipo. Apo ichotseni, muyatsenso kompyuta, mutenge ina pa tsamba la kampani yopanga laputopu kapena chipangizocho. Ngati vuto layamba Windows itangodzikonza yokha usiku, batani la Roll Back Driver limabwezeretsa yakale. Chitsanzo china ndi OBS Studio ikakana kuyamba kuulutsa n'kutchula NVENC. Imeneyi ndi mbali ya khadi ya zithunzi ya Nvidia imene imapanikiza kanema, ndipo OBS yatsopano imafuna driver yatsopano. Pa laputopu yakale kwambiri driver yoteroyo mwina kulibenso. Mutha kusinthira ku x264, koma ntchito yonse imagwera purosesa, ndiye kutentha kuja kumabwerera. Nkhani imeneyi ikula m'zaka zikubwerazi. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo malaputopu ambiri a kaunjika amene tikugwiritsa ntchito sakwanira zofunika za Windows 11. Opanga zipangizo adzasiya pang'onopang'ono kutulutsa madriver a makina amenewa. Amene ali ndi laputopu imene ikuulutsa bwino lero asunge madriver ake pa fulashi, ndipo asalole kuti idzikonze yokha usiku woti mawa kuli ukwati.

Nanga netiweki ija timainamizira? Nthawi zina ndi yolakwadi, ndipo OBS imanena poyera. Mu bokosi la Stats imasiyanitsa zithunzi zotayika chifukwa cha netiweki, zotayika chifukwa purosesa yalephera kupanikiza msanga, ndi zotayika chifukwa khadi ya zithunzi yatopa. Oonera kutali amangoona kudukiza kofanana, koma mankhwala ake ndi osiyana. Ngati ndi netiweki, kumbukirani kuti kuulutsa kumadalira liwiro lotumizira, osati lolandirira, ndipo pa mwambo anthu mazana amakhala akukanganirana nsanja imodzi ya TNM kapena Airtel. Kuyesa m'mawa bwalo lili lopanda anthu sikukuuzani za masana. Kuulutsa pa 2,500 kbps kumadya gigabaiti imodzi ndi pang'ono pa ola. Kutsitsa ku 720p ndi liwiro locheperapo kumapulumutsa bandulo ndi mwambo womwe. Wachibale ali ku Joni amafuna kumva mawu a abusa ndi kuona nkhope ya mlongo wake mosadukiza, sawerenga timadontho.

Eni mashowo a mpira amakumana ndi manambala a mtundu wina, a pa dikoda. Kunena zoona si a driver, koma amawerengedwa mofanana. Pa DStv, E48-32 ikutanthauza kuti siginolo sikufika. Mvula yamphamvu imatchinga mafunde a setilaiti, ndipo ikakata chithunzi chimabwerera chokha. Ikapanda kubwerera, mwina mphepo yapotoza dishi, kapena madzi alowa polumikizira chingwe ku LNB, kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi kamene kamalandira mavolti 13 kapena 18 kuchokera ku dikoda kudzera m'chingwe chomwecho. Pambuyo pa mvula ngati ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, polumikizira pochita dzimbiri ndi poyamba kuyang'ana. E16 ndi ina: siginolo ikufika bwino, koma tchanelo n'chotseka chifukwa malipiro atha, sanalowe, kapena tchanelocho sichili pa phukusi lanu. Kukwera padenga chifukwa cha E16 n'kudziika pa ngozi pachabe. Ndipo mu 2023, pamene MultiChoice inaimitsa DStv m'Malawi kwa miyezi ingapo pa mkangano wa mitengo ndi bungwe la MACRA, panalibe makwerero kapena sipanala imene ikanabwezeretsa chithunzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mtengo wa kusadziwaku. Kufomata kumafufuta zithunzi za maukwati a anthu ndi nyimbo za kwaya zimene zinalibe kwina kosungira. Ulendo wokwera mapiri a Thabwa kukagula capture card ina ku Limbe umadya thiransipoti ndi tsiku lathunthu, munthu n'kubwera kudzapeza kuti yatsopanoyo ikuchitanso chimodzimodzi chifukwa vuto linali habu. Achinyamata ochita ntchitoyi ku Dyeratu, ku Nchalo ndi ku Ngabu ndi akhama, ambiri anadziphunzitsa okha pa foni, ndipo sindikuwanyoza. Chimene sanauzidwe ndi ndondomeko. Jambulani uthengawo ndi foni musanadine chilichonse. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi: poti, kenaka chingwe, kenaka muchotse habu, kenaka chaja. Gwirani ngati chatentha. Tsekani mapulogalamu ena. Yesani chipangizocho pa kompyuta ya mnzanu. Chikakana kumenekonso, chafa ndithu, ndipo chikayenda, vuto lili pa makina anu. Driver ibwere pambuyo pa zonsezi, kufomata kukhale komalizira. Masukulu a ntchito zamanja amene ali pansi pa TEVETA angachite bwino kuika kuwerenga manambalawa m'maphunziro a zamagetsi ndi makompyuta, chifukwa ntchito youlutsa miyambo yasanduka njira yopezera ndalama m'matauni ang'onoang'ono.

Inu okonza, sungani kope la sukulu pa tebulo lanu, muzilembamo nambala iliyonse imene mwakumana nayo, makina ake ndi chimene chinathetsa vutolo. Ndipo inu abusa, apampando a makomiti a ukwati ndi eni mashowo, amene mumatulutsa ndalama, musapereke laputopu kuti ifomatidwe kapena kuvomera kugula chipangizo china wokonzayo asanakuonetseni nambala imene inatuluka ndi kukuuzani tanthauzo lake.